Ubwino Wako, Alipira Ndani?

Funsani anthu m'minibasi iliyonse yochoka pa Kulima Tower kuti chaononga achinyamata a masiku ano n'chiyani. Musanafike pa siteshoni yachiwiri mudzakhala mutamva mndandanda wonse: mowa, chamba, mabonanza, kandeke ka pa foni, masiketi aafupi, majanki a ku Chibolya. Amayi a ku mpando wakumbuyo adzapukusa mutu, abambo a kutsogolo adzati m'masiku ao zotere kunalibe, ndipo kondakitala adzabvomereza ndi mtima wonse uku akuiwala dala chenji yanu.

Mndandanda umenewu ndi woona, koma ndi waulesi. Uyang'aneni bwino. Zonse zili m'menemo ndi zoipa zonunkha, zooneka ndi maso, ndipo zambiri ndi za anthu opanda ndalama. Chinanso, ndi zoipa zimene zikali ndi manyazi. Palibe chidakwa chimene chimadzuka m'ngalande m'mawa n'kuyembekezera kuti anthu achiombere m'manja. Mnyamata amene wadyetsa kandeke ndalama ya lendi amabisa foni, sauza amake. Choipa chimene chidziwa dzina lake chingathe kuchiritsika, chifukwa mwini wake adziwa kuti adwala.

Nkhondo yanga ili ndi gulu lina, la zoipa zimene zinaba maina a zabwino. Kuba tinakupatsa dzina lakuti kuchenjera. Kugawa zakuba tikuti mtima wopatsa. Mantha tikuti ulemu. Kupha munthu pa mseu tikuti chilungamo. Zimenezi sizigona m'ngalande. Zimabvala suti, zimakhala pa mpando wakutsogolo pa maliro, ndipo makolo amazilozera ana ao kuti atengereko chitsanzo.

Tinaleredwa ngati kuti makhalidwe abwino akhala ku Kabulonga, oipa ku Misisi, ndipo pakati pali mpanda wa magetsi. Sizili tero. Akhala ngati anthu a lendi pa yadi imodzi m'komboni: khoma limodzi, mpopi umodzi, ndipo amabwerekana zobvala. Kusamala ndalama kugona chipinda choyandikana ndi kuumira. Kudekha ndi ulesi amayanika pa chingwe chimodzi. Kulimba mtima ndi nkhanza ukakumana nao usiku ungati ndi mapasa. Akuluakulu anaziona kale izi pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Manje tingadziwe bwanji nkhuyu ya nyerere tisanailume?

Pali funso limodzi limene silinama: alipira ndani? Khalidwe labwino lenileni ndi lodula, ndipo mwini wake ndiye apisa m'thumba. Woona mtima ataya ndalama imene akanaba. Wolimba mtima aika pa ngozi khungu lake. Wopatsa achepetsa nsima yake kuti wina adye. Khalidwe labodza nalonso ndi lodula, koma bilu yake imatumizidwa kwa munthu wina, ndipo kawirikawiri ndi munthu amene sanali pa malopo, kapena amene alibe kodandaulira. Tengani funso ili mupite nalo pa makhalidwe amene timanyadira mu Zambia, muone zimene zituluka.

Tiyambe ndi kuchenjera, mfumu ya onse. Tonse tinakula ndi Kalulu. Agogo anali kutisimbira mmene kanyama kakang'ono kanakokanitsira Njobvu ndi Mvuu chingwe chimodzi, aliyense akuganiza kuti alimbana ndi Kalulu, ndipo tinali kuseka mpaka misozi. Phunziro linalipo: wamng'ono wopanda mphamvu apulumuka ndi mutu. Koma panalinso nthano ya chilala, pamene nyama zonse zinakumba chitsime, Kalulu n'kukana kugwira khasu, kenaka n'kumabwera mozemba kudzamwa ndi kusamba m'madzi a anzake. Nthano ija imafika pakuti Fulu anamugwira. Ife tinasunga gawo losamba, gawo la Fulu tinalitaya.

Onani za malikeji. Mu Okutobala 2018 nduna ya maphunziro, David Mabumba, inaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse, pepala la masamu la Giredi 9 litayamba kuyenda pa mafoni nthawi yolemba isanakwane. Dziko linachita ngati ladabwa. Koma amagula mapepala amenewa ndani? Mwana wa Giredi 9 salandira malipiro. Ndalama imachoka kwa kholo limene limadzitcha lachikondi, n'kupita kwa munthu wa pa nchito amene amadzitcha wochenjera. Bilu imapita kwa mtsikana wa ku Chadiza amene anawerenga chaka chonse ndi kandulo, n'kusowa malo ku Giredi 10 chifukwa malo ake anagulitsidwa pa WhatsApp. Imabweranso kwa iwe mwini, tsiku limene udzagona pa bedi m'chipatala n'kuona jekeseni ili m'manja mwa munthu amene masamu a mlingo wa mankhwala anawakhoza ndi likeji.

Nchekelako ya pa rodibuloko ndi chimodzimodzi. Dalaivala apinda kandalama m'kati mwa laisensi, wapolisi amwetulira, onse awiri asiyana ali okondwa, aliyense akudziona kuti ndi wodziwa tauni. Matayala a basiyo ndi osalala ngati mutu wa dazi, mabuleki agwira mwa mwai. Olipira ndi anthu odzaza m'katimo, amene sanafunsidwe ndipo sanalandireko kanthu.

Choipitsitsa n'chakuti tinasinthanso dzina la munthu woona mtima. Munthu akagwira nchito m'boma zaka 30, pa ofesi imene ndalama zimadutsa tsiku ndi tsiku, n'kupuma ali ndi kanyumba kamodzi ku Chilenje, abale ake enieni amanong'onezana kuti anali wogona. Ana amamva. Mwana amene wamva atate ake akusekedwa chifukwa sanabe wamaliza kale sukulu ya makhalidwe, ndipo palibe ulaliki wa pa Sande umene ungafafanize phunziro limenelo.

Wachiwiri ndi mtima wopatsa. M'komboni iliyonse muli bwana wina amene maliro sayenda popanda iye. Bokosi agula ndiye, basi yopita ku Chingwere alipira ndiye, matumba a unga ndi makabichi atsitsa ndiye. Ku tchalitchi pa chopereka cha malata dzina lake liwerengedwa loyamba. Aliyense adziwa nchito imene agwira, aliyense aona kuti malipiro ndi zimene amwaza sizigwirizana, koma palibe afunsa. Timangoti Mulungu amudalitsa. Ofuna kuoneka anzeru amati mbuzi idya pomwe yamangidwa.

Tiyeni timupeze mwini wa munda umene mbuziyo idya. Mu Meyi 2025 kazembe wa dziko la America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa chaka chifukwa cha kuba. Anati pakati pa 2021 ndi 2023 anthu ao anayendera mafamase oposa 2,000 m'dziko muno, ndipo mwa amene anali kugulitsa mankhwala a mtundu umene anali kufufuza, 95 pa 100 alionse anali ndi katundu wakuba pa shelefu. Awa ndi mankhwala amene anayenera kuperekedwa ulere kwa odwala malungo, TB ndi kwa okumwa ma ARV. Kumbuyoko, mu 2018, Britain, Sweden, Finland ndi Ireland anaimitsa thandizo lao madola pafupifupi 4 miliyoni a Social Cash Transfer atasokonekera. Zimenezo ndi ndalama za nkhalamba, olumala ndi mabanja osaukitsitsa.

Mafamase ochuluka chotero sangadzazidwe ndi nduna imodzi. Ndi unyolo wautali: wosunga makiyi a nkhokwe ya mankhwala, dalaivala, mlonda wa pa geti, wolemba mapepala, wogulitsa. Aliyense pa unyolowo ali ndi abale amene amamutcha munthu wabwino, wosaiwala kwao. Bilu imapita kwa mayi amene wafika pa kiliniki ndi mwana wotentha thupi n'kupatsidwa kapepala kuti akagule yekha, m'chitenge mulibe ngakhale ngwee. Mwina bokosi limene bwana wathu wagula mlungu uno ndi la mwana yemweyo, ndipo mayiyo wagwada pansi kumuthokoza.

Ndipo tisanamizane, akawalala ambiri timawaumba tokha pa nyumba. Mnyamata akangoyamba nchito, mwezi woyamba usanathe foni yayamba kulira: yunifomu ya mng'ono, feteleza wa kumudzi, lendi ya alongo, mulandu wa asuweni. Malipiro ndi amodzi, manja otambasuka ndi ambirimbiri. Akati ndilibe, ndi wodzikonda, tauni yamuononga. Akabweretsa zoposa malipiro ake, palibe afunsa kuti wazitenga kuti. Kuthandizana pa chibale ndi chuma chathu chenicheni. Ndi chimene chalera ana amasiye m'dziko muno pamene matenda anasesa makolo ao. Koma kuthandizana kumene sikufunsa gwero la ndalama ndi kutuma mwana kukaba uku iwe ukusamba m'manja kuyembekezera nsima.

Wachitatu ndi ulemu. Ndi chinthu chokoma kuti mwana wa mu Zambia alandira chinthu ndi manja awiri, ndipo saitana wamkulu ndi dzina lopanda "a" kapena "ba". Zimenezo tisazitaye. Koma ulemu uli ndi mphwake wofanana naye nkhope, dzina lake mantha, ndipo nthawi zambiri ndiye amapita ku misonkhano m'malo mwa mkulu wake.

Mu 2017 boma linagula magalimoto ozimitsa moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni, galimoto imodzi miliyoni yathunthu. Anthu anafunsa kuti ndi galimoto yotani ya mtengo wotere. Pa 29 Seputembala chaka chomwecho, tsiku lowerenga bajeti, kagulu ka anthu kanapita ku Nyumba ya Malamulo ndi zikwangwani, pakati pao Laura Miti ndi woimba Pilato. Oyamba kukwezedwa m'galimoto ya apolisi pa nkhani yonseyi anali iwo, ofunsa. Khoti inawapeza opanda mlandu mu Disembala 2018, atayendera mlanduwo kupitirira chaka. Ambiri anakhala pa nyumba n'kumati ana awa alibe ulemu, atsogoleri safunsidwa chotero. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa nkhongole ya Eurobond, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa ndi nkhongole m'nyengo ya Covid-19. Ikani manambala awiriwa pamodzi muwayang'ane. Sindikuti magalimoto aja okha ndiwo anatigwetsa. Nkhongole inali phiri lalikulu kuposa pamenepo. Ndikuti phirilo linakula ndi zinthu zambiri zimene anthu aulemu sanafunse, ndipo bilu yake tonse tinaiona pa kugwa kwa kwacha ndi pa mitengo ya m'kantemba.

Mphwake wina wa ulemu ndi kukhulupirika kwa makada. Mnyamata abvala bereti ya chipani, aima pa Intercity kapena pa msika, atolera ndalama kwa madalaivala ndi kwa amayi ogulitsa kapenta, amenya wobvala malaya a mtundu wina, ndipo adziona ngati msilikali wokhulupirika. Bwana amene amutumikira ana ake ali ku sukulu za kunja. Boma likasintha, bwana apeza loya, kada apeza ndende kapena athawira kumudzi. Apa bilu imagawidwa pawiri: theka kwa mayi wa kapenta, theka kwa kadayo mwini, amene anagulitsa unyamata wake pa mtengo wa T-sheti ndi botolo.

Pa nyumba ndiye zoopsa. Mwana wa zaka 12 akaulula kuti amalume amamulowera usiku, banja likhala pansi mwaulemu wonse. Akuluakulu akamba motsitsa mau: za m'nyumba sizipita ku polisi, tisachititse banja manyazi, ndiponso amalume ndiwo atisunga. Lamulo la dziko lino likuti wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 apite ku ndende zaka zosachepera 15. Banja likuti apepese, apereke kangachepe, nkhani ithe. Aliyense achoka pa bwalopo ali ndi ulemu wake wonse, kupatulapo mmodzi. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa manyazi achita akulu, wofera kuuna ndi mwana. Banja lotere lagulitsa mwana kuti ligule dzina labwino, ndipo liyenera kuuzidwa choncho pamaso.

Wachinayi ndi chilungamo cha pa mseu. Kumayambiriro kwa 2020 nkhani za anthu opopera gasi m'nyumba usiku zinachoka ku Chingola n'kufalikira dziko lonse. Anthu anagona panja ndi zibonga kulondera makomboni ao, ndipo kulondera ana ako si kulakwa. Koma pomatha nyengo ija anthu pafupifupi 50 anali ataphedwa ndi magulu a anthu, ena kutenthedwa, popanda khoti, popanda umboni, chifukwa chongoganiziridwa. Nkhope yachilendo m'dera inali yokwanira. Mau a munthu mmodzi wokuwa anali okwanira. Aliyense woponya mwala anadziona ngati mtetezi wa banja lake, ndipo bilu inapita kwa munthu wodutsa amene kwao anali kumuyembekezera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: tonse ndife alendo m'komboni ya wina.

Mkwiyo umenewu uli ndi maso osankha. Kamnyamata kakatsomphola foni pa City Market, anthu amasiya malonda ao kuti akakapondeko. Munthu amene anadya ndalama yomangira kiliniki yathunthu akatsika m'galimoto ya magalasi akuda pa msika womwewo, anthu omwewo amathamanga kukamutsegulira chitseko: "Ba bosi, ba bosi, tisiyireniko ya madzi." Ngati mkwiyo wako uyaka pa munthu yekhayo amene sangakubwezere, usadzinamize kuti wagwidwa ndi chilungamo. Wapeza chabe pofewa popondera.

Chatsala ndi chimene ambiri safuna kuti chikhudzidwe: kupembedza. Pa 29 Disembala 1991 Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'mau otsegulira malamulo aakulu a dziko. Mu 2007 khoti yaikulu ya ku London inagamula kuti Chiluba yemweyo ndi anzake anapatutsa madola 46 miliyoni a boma, ndipo dziko linamva za milu ya mashati, masuti ndi nsapato zogulidwa pa sitolo ina ya ku Geneva. Khoti ya ku Lusaka inamupeza wopanda mlandu wakuba mu 2009. Mu 2016 tinapatsidwa unduna wathunthu woyang'anira makhalidwe a dziko ndi zipembedzo. Mu Malichi 2018, ofunsa za magalimoto a moto akali kuyendera mlandu, boma linaonetsa mphamvu zake pa wovina wa ku South Africa, Zodwa Wabantu, amene anabwezedwa kwao asanakwere pa siteji chifukwa cha kabvalidwe kake. Pa zobvala za m'kati za mlendo tinali ndi liwiro la mphezi.

Sindinyoza chikhulupiriro cha munthu. Alipo amayi a m'mabungwe a mpingo amene amasambitsa odwala othawidwa ndi abale, amene amagona pa simenti pa maliro a munthu amene sanamudziwe bwino. Iwo alipira okha, ndi msana wao ndi nthawi yao. Chimene ndikana ndi chiyero chotchipa, chongoyeza utali wa siketi ya mwana wa eni. Kudzudzula tchimo limene iwe sulilakalaka, kapena limene ulibe mpata wolichita, sikukudyera ngwee, ndiye chifukwa chake timakukonda. Ndikananso kukhululuka kotchipa. Wakuba ndalama za odwala akagwidwa, mumamva anthu okhuta akuti ndife dziko lachikhristu, timukhululukire, tiiwale zakale. Ungakhululuke nkhongole imene munthu ali nayo kwa iwe. Ya mayi uja wa pa kiliniki anakutuma ndani kuti uikhululuke?

Wina ati: kodi ukuti mowa ndi chamba zilibe kanthu? Iyai. Amene anaona tujilijili tisanaletsedwe mu Epulo 2012, pamene Nkandu Luo anali nduna ya maboma aang'ono, akumbukira ana a sukulu akuyenda ndi tumapaketi m'matumba a yunifomu, ndi anyamata a pa siteshoni oledzera dzuwa lisanatenthe. Chiletso chija chinali choyenera, ngakhale kuti mowa wa mtundu womwewo unabwerera m'tumabotolo. Chidakwa nachonso chimatumiza bilu kwa mkazi ndi ana, ndipo wa kandeke amaitumiza kwa amake. Koma chidakwa sitichisankha kusunga ndalama ya chilimba, sitichipatsa maikolofoni pa ukwati, sitiuza mwana kuti ukadzakula udzakhale ngati uyu. Poizoni wolembedwa kuti poizoni anthu amamulambalala. Woopsa ndi wothiridwa m'botolo la mankhwala a chifuwa.

Wina ati ndi njala, munthu sangakhale woona mtima m'mimba muli mbee. Njala ndi yoona, kusowa kwa nchito ndi koona, ndipo wokhuta asafulumire kulalikira wanjala. Koma yang'anani amene amaba zikuluzikulu. Mamiliyoni sabedwa ndi munthu wogula pamela madzulo alionse. Ndipo pa Soweto Market pali amayi ogulitsa tomato amene adzakuthamangira ndi K5 imene waiwala, m'tumabuuthi twa mobile money muli atsikana amene amakubwezera ndalama ukawapatsa yopitirira, chikhalirecho phindu lao la tsiku silikwana ndiwo za nyama. Kunena kuti umphawi ndiwo ubala kuba ndi kutukwana anthu amenewa, ndiponso ndi kupereka chobisalira kwa akawalala a ku mayadi amene njala anaiona komaliza ali ku pulaimale.

Wina ati bvuto ndi atsogoleri, tikasintha boma zidzatha. Tinasintha mu 1991, tinasintha mu 2011, tinasinthanso mu 2021, mwamtendere, ndipo pamenepo tiyenera kudzinyadira. Chipani chilichonse chinalowa ndi lonjezo lothetsa ziphuphu. Mu Julayi 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema anachita kuchotsa bodi yonse ya Anti-Corruption Commission, bungwe limene nchito yake ndi kugwira a ziphuphu, pambuyo pa madandaulo ochokera m'kati mwa bodi momwemo. Atsogoleri sagwa ndi mvula. Ndi ana a m'nyumba zathu, anakhala pa madesiki a sukulu zathu, ndipo anamva kuyambira ali aang'ono kuti wogona ndi uti, wochenjera ndi uti. Tikawavotera timayembekezera kuti atikumbukire ife, a mtundu wao, a chipani chao, a tchalitchi chao. Tikamati boma ndi lakuba, kawirikawiri chotiwawa n'chakuti mbale sinafike pa khomo pathu.

Manje khalidwe n'chiyani? Tinazolowera kuliyeza ndi mndandanda wa zimene munthu sachita: samwa, sasuta, savina, safika usiku. Munthu angakhoze mayeso onsewa n'kukhalabe njoka. Angakhale wosamwa uku akumana wanchito wa m'nyumba malipiro a miyezi itatu. Angakhale wosaphonya pemphero la usiku wonse uku akulanda nyumba ya mkazi wamasiye wa mkulu wake. Ndipo alipo amene amamwa kabotolo kao pa Chiweru koma sanadyepo ngwee ya munthu, ukawasungitsa mwana kapena ndalama umagona tulo. Sindikuti kumwa ndi ubwino. Ndikuti kusamwa pakokha ndi mbale yotsukidwa bwino, ndipo funso likadalipo kuti muli chiyani m'menemo.

Khalidwe ndi chizolowezi cha dzanja: kumene limapita lokha pamene chinthu chili pafupi ndipo palibe akuona. Limamangidwa ngati nyumba za m'komboni, mabuloko ochepa mwezi uno, ena mwezi wa mawa, ndipo limaonongekanso pang'onopang'ono chomwecho. Palibe anayamba ndi miliyoni. Anayamba ndi chenji ya amake, n'kubwera pa likeji, n'kufika pa risiti yoonjezera ziro, ndipo pa sitepe iliyonse panali wina womusisita pa msana kuti wachenjera. M'mera mpoyamba. Ndiye chifukwa chake maina ali nkhani yaikulu. Munthu angalimbane ndi chilakolako chimene iye mwini achitcha choipa, angagwe n'kudzukanso. Koma angalimbane bwanji ndi chinthu chimene amake, abusa ake ndi anzake onse amuombera nacho m'manja?

Anzanga, chinenero cha m'tauni muno timachipanga ndife. Mau atsopano amabadwira pa siteshoni, m'mabala, m'nyimbo, m'magulu a pa foni, ndipo mwezi usanathe afika ku Chipata ndi ku Livingstone. Ngati tikhoza kupanga mau, tikhozanso kubwezera zinthu maina ao. Mnzako akagula likeji, usamuti wochenjera. Muuze kuti waba malo a wina. Mbale wako akabwera ndi galimoto imene malipiro ake sangagule ngakhale matayala, funsa usanakwere. Pa msonkhano wa banja akayamba kukamba motsitsa mau za mwana wochitidwa zoipa, iwe nyamuka upite naye ku chipatala ndi ku Victim Support Unit. Gulu likakuwa kuti kawalala, manja ako akhale m'thumba, ndipo ngati uli ndi mtima, imba foni ku polisi. Atate ako ngati anapuma nchito ali ndi kanyumba kamodzi ndi dzina loyera, uwauze akali moyo kuti unaona chimene anachita, usadikire kudzachinena pa manda.

Zimenezi zidzakudyera. Udzataya anzako ena, udzayenda pansi pamene ena akwera, pa nyumba adzakutcha wamwano, ku nchito adzakutcha wogona. Zikayamba kukuwawa chotero usadabwe, ndipo usabwerere: ndiye kuti bilu yafika kwa mwini wake.